Presto imeneyo musalipire musanayeze liwiro lake

Achimwene, Presto 6N, makina odulira nyimbo pa mbale za galamafoni, yochokera ku America mukuti mwaipeza yotchipayo, musaperekepo ngakhale kobiri musanayeze liwiro lake ndi wotchi yanu. Chithunzi mwaikacho chandikumbutsa 2021, mpaka mtima ukugunda.

Yanga ndinagula konkuno ku Johannesburg, m'galaja mwa mkulu wina amene sindimutchula dzina. Ndalama ya miyezi inayi, yokhetsera thukuta usana ndi usiku. Anati za magetsi anakonza kale, n'kundionetsa thiransifoma yotsitsa 230 kufika 115. Kenako anaika pamwamba kapepala kozungulira ka strobe, ka timizere timene timaoneka ngati taima liwiro likakhala loyenera, anayatsa getsi la chubu, timizere tija tinangoima nji! Ine mtima pansi. Tinakweza m'galimoto anthu atatu, chitsulo cholemera ngati injini ya chigayo.

Sikuti ndinkafuna bizinesi ayi. Ndili ndi kaseti imodzi yokha ya malemu bambo anga akuimba mu kwaya ya kumpingo kwathu ku Dedza, ndipo amayi akusungabe galamafoni yawo yakale. Ndinkafuna kuti pa mwambo wa chiliza amve mawu a amuna awo akutuluka pa mbale. Ma lacquer, mbale zopanda kanthu zodulirapo nyimbo, ndinapeza atatu basi, movutikira, mtengo wake wosasimbika. Mukukumbukira kuti fakitale ya ma lacquer ya Apollo Masters ku Banning, California, inapsa mu February 2020, n'kutsala MDC ya ku Japan yokha yopangira dziko lonse lapansi. Ndiye atatuwo ndinkawagwira ngati mazira.

Usiku umenewo ndinafunditsa lacquer pansi pa getsi kuti ifewe pang'ono, ndinamanga singano yatsopano ya sapphire, ndinatsitsa mutu wodulira pang'onopang'ono. Ulusi wakuda unayamba kutuluka bwinobwino, wosaduka, ine n'kumaukankhira pakati ndi kaburashi, mpweya nditaugwira. Mizere ikuwala. Ndinachita kutuluka misozi ndisanamve n'komwe. Nditamaliza ndinaika mbaleyo pa galamafoni yanga ya Technics, mayi akunyumba ataima pakhomo mwana ali kumbuyo. Singano kugwa. Bambo anga ankaimba besi, mawu akuya oti benchi la m'tchalitchi linkanjenjemera. Chimene chinatuluka pa sipika ndi kamawu kowonda ngati ka mnyamata wa Sande sukulu, kakuthamanga, kwaya yonse ngati ikuthawa mvula. Mayi akunyumba anafunsa kuti, "Akuimbawo ndani?" Funso limenelo mpaka lero limandibaya.

Ndinaganiza kuti vuto ndi wailesi ya kaseti. Ndinasintha, n'kudula yachiwiri. Chimodzimodzi. Pa yachitatu mutu wanga unali utaima kale, ndinakweza voliyumu ya amplifaya poganiza kuti mwina mawu akuchepa mphamvu. Pakati pa nyimbo kaphokoso ka mumutu wodulira kanangoti zii, singano n'kumangojambula mzere wopanda kanthu, kenako kafungo ka waya wopsa. Koyilo ya waya ya m'mutu wodulira yapita. Ndinakhala pansi pa simenti mpaka ma taxi anayamba kuliza mahutala m'mawa.

Amene anandimasulira ndi mdala wina wokonza mawailesi. Mota ya makina amenewa imayendera kugunda kwa magetsi, ndipo ku America ndi 60 Hz pomwe kuno, kumudzi ndi ku Britain ndi 50 Hz. Thiransifoma imatsitsa mavoti okha, kugundako siikukhudza. Ndiye m'malo mwa 33⅓ makina ankazungulira pafupifupi 27.8 pa mphindi. Mbale yodulidwa pang'onopang'ono ukaiimba pa liwiro loyenera imathamanga, mawu n'kukwera. Chondipweteka kwambiri ndi kapepala kaja. Kanali ka 60 Hz, ka timizere 216, ndipo ukakaika pansi pa getsi la 50 Hz timizereto timaima ndendende pa liwiro lolakwikalo. Musandiuze kuti munthu amene wakhala ndi makina zaka zonsezo sankadziwa. Ankadziwa! Nditamuimbira wondigulitsa uja anati, "Unaona wekha ndi maso ako," n'kudula foni. Ndinapitako kawiri, geti osatsegula, agalu okha. Munthu wa imvi zake, wondiitana kuti mwana wanga, wondipatsa tiyi, kumandibera chikhalirecho akudziwa kuti ndi za maliro a bambo anga, poti ndinamuuza zonse. Chiliza tinamanga, amayi anamvera kaseti yomwe ija pa kawailesi ka mabatire.

Ndiye inu chitani izi. Matani kachidutswa ka tepi m'mphepete mwa chozunguliracho, muwerenge: pa mphindi zitatu chizungulire ka 100, osachepera. Werengani kachitsulo kolembedwa pa mota, muone ngati ndi 50 Hz kapena 60 Hz. Mawilo a labala oyendetsa aja muwakande ndi chikhadabo, akauma ngati mtengo mawu azidzagwedezeka. Mutu wodulira wogulitsayo auyese pamaso panu, adule mbale, muimvere pa makina ena osati akewo. Ndipo Presto ndi mono, musalote za stereo ngati ya Neumann VMS 70, imeneyo ndi ya ma studio a ndalama zawo. Ulusi wa lacquer muziutaya m'botolo la madzi, ndi nitrocellulose, umayaka ngati petulo. Zoti muphunzirire pa lacquer iwalani, yambani ndi mapulasitiki a polycarbonate, olakwitsa sulira nawo.

Kunena zoona ndikanakuuzani kuti zisiyeni, tumizani nyimbo zanu kwa odula mbale enieni akudulireni, mugone tulo. Koma makina amenewa sakupangidwanso, ndipo 6N ndi chitsulo choti adzukulu anu adzachipeza. Yanga ilipo, mutu ndinautumiza kunja anakaukulunganso waya, ndinagula kabokosi kosintha magetsi kukhala 60 Hz, pano ikudula bwino moti sindingaigulitse zivute zitani. Ngati ndi yotchipadi monga mukuneneramo, musachedwe, wina aitenga mawa. Koma jambulani kaye kachitsulo ka pa motako muike pano tione tonse.