Mwana wanga akugwa pa "must" ndi "can", ndimulipirire mphunzitsi wapadera?

Mayi wina wa ku Makawa wandilembera. Akuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, masamu ndi sayansi amakhoza bwino, koma pa mayeso oyeserera a Chingerezi analakwa pafupifupi mafunso onse okhala ndi must, can, may ndi should, makamaka pakakhala not. Akufunsa ngati amufunire mphunzitsi wapadera.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Munthu akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saipeza, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma musathamangire kugulitsa mbuzi. Vuto mwatchulali ndi laling'ono, ndipo gwero lake lili m'chinenero chathu chomwechi.

Malamulo a kalembedwe ndi ochepa. Mawu amenewa satenga do pokana: timati "She cannot swim", osati "She doesn't can swim". Satenga -s, ndipo mneni wotsatira sakhala ndi to, kupatula pa ought to. Will not amafupikitsa kuti won't. Izi mwana amazigwira madzulo amodzi.

Pogwera ana ambiri ndi pa tanthauzo. Ife tikafuna kukana "uyenera kubwera" timangoika si- kutsogolo, "suyenera kubwera", basi. Ndiye mwana amaganiza kuti kukana kwa must ndi mustn't nthawi zonse. Ayi ndithu. "You mustn't come" ndi kuletsa: usabwere, usapondeko. Ngati ukutanthauza kuti palibe chokakamiza, ukafuna bwera, ukafuna khala, umati "You don't have to come" kapena "You needn't come".

Ndinaziona ndi maso ku Cape Maclear, pamalo ena ogona alendo. Mlendo atamaliza kudya chambo chake anatulutsa ndalama yapadera nkufunsa mnyamata woperekera zakudya ngati pamalopo amasiyapo kenakake. Mnyamatayo, mwaulemu wake wonse, anati "No sir, you mustn't." Mumtima amati sizokakamiza, koma mukapereka zikomo. Mlendo uja anapepesa, nkubweza ndalamayo m'thumba msangamsanga, kuopa kuti mwina waswa lamulo la pamalopo. Mnyamata anangotsala atagwira mbale.

Must ali ndi ntchito inanso, yolingalira. Asodzi achedwa kubwera, wina pa doko nkuti "They must be near Boadzulu", kutanthauza kuti mosakayika ali cha kuchilumba kuja. Wotsutsa sanena mustn't. Amati "They can't be there", sizingatheke, mwera unali wamphamvu. Funso lotere olemba mayeso amalikonda, chifukwa mustn't amamuika dala pa mayankho osankha ngati nyambo.

May not nayenso ndi wa nkhope ziwiri. "It may not rain" ndi mwina mvula sigwa. Koma chikwangwani chikati "Candidates may not bring phones", palibe za mwina apo, foni isalowe m'chipinda cha mayeso.

Palinso china chimene sichiwoneka kwambiri pa pepala koma chimavuta pa intavyu ya ntchito. Kwathu kuno munthu akakufunsa kuti "Sutha kusambira?" umayankha kuti "Eya, sinditha." Timavomereza funsolo. M'Chingerezi, "Can't you swim?" yankho lake ndi "No, I can't." Ukati "Yes", wofunsayo amamva kuti umatha, ndipo ngati ndi mwini boti lonyamula alendo ku Monkey Bay, waika moyo wako pachiswe. Chimodzimodzi ka "isn't it?" kamene timakamata paliponse, ngakhale ife aphunzitsi timachita nako ulesi. Mchira wa funso umatsata mawu ali kutsogolo: "You can swim, can't you?", "She won't come, will she?"

Ndiye mayi, chitani chonchi, ngakhale Chingerezi musachidziwe bwino. Madzulo mukatha kudya, muuzeni ziganizo za Chichewa zapakhomo pomwepo: "usakasambe kumtsinje wa Shire, kuli ng'ona", "mawa sikofunika kuti ukatunge madzi, mbiya ndi zodzaza", "sizingatheke kuti bambo ako afika kale ku Namwera". Iye azilembe m'Chingerezi mu kope, koma asanalembe adzifunse kaye: apa akundiletsa, akundimasula, kapena akungolingalira? M'mawa akawonetse aphunzitsi ake. Apemphenso kusukulu mapepala akale a MANEB, asankhemo mafunso a mtundu umenewu okhaokha, awayankhe motsatizana.

Yeserani masabata atatu. Ngati kopelo likhalabe lofiira ndi cholembera cha aphunzitsi, mundilemberenso ndipo munditumizire ziganizo zimene akulakwazo. Za mphunzitsi wapadera tidzakambirana pamenepo.