Ndinawauza za masabata 11, mu maminitsi sanalembemo

Achimwene, mwalemba kuti abwana anu akufuna mukongoletse mawerengero a ndalama za kampani kuti bodi, gulu la madayirekitala oyang'anira kampani, isachite mantha. Musayerekeze. Ndawerenga zimene mwalembazi mtima ukugunda, chifukwa ine zinandionekera mu 2020, nthawi ya Covid.

Ndinali mkulu wa zachuma pakampani ina, dzina sinditchula. Malonda anagwa, makasitomala akuluakulu anasiya kubweza ngongole, ndipo nditawerengera ndinapeza kuti ndalama zimene zinali kubanki zitifikitsa masabata 11 okha. Ndinalemba lipoti la masamba awiri. Usiku woti mawa kuli msonkhano wa bodi, a CEO, mkulu wa kampani yonse, anandiimbira kuti tsamba lachiwiri ndilichotse, ati atcheya a bodi sakonda nkhani zoipa. Sindinachotse.

Msonkhano unali wa pa Zoom. Madayirekitala asanu ndi awiri, anayi atazimitsa makamera. Nditatchula masabata 11 aja kunangoti zii. Ndinkangomva supuni ikugunda kapu kwa wina amene anaiwala kutseka maikolofoni. Kukhosi kunandiuma, pepala likunjenjemera m'manja. Kenako atcheya anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mnyamatayu ndi wamantha, tiyeni pa mfundo yotsatira." Mfundo yotsatirayo inali yogawira eni masheya phindu. Anavomereza mphindi zisanu zisanathe. Za ma alawansi awo palibe anakhudzako. A CEO sanandiyang'ane n'komwe, maso ali pafoni.

Patangotha miyezi itatu tinachotsa ntchito anthu 60, ndipo makalata ake ndinapereka ndine. Mayi wina wa kumalo olandirira alendo, amene anagwira ntchito zaka 14, anangolandira envulopu n'kundifunsa kuti, "Bwana, inu simunadziwe kuti zifika apa?" Ndinasowa choyankha. Mpaka lero funso limenelo limandidzutsa usiku.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti maodita, ofufuza mabuku a ndalama, atabwera ndinapeza kuti mu maminitsi a msonkhano uja munangolembedwa kuti bodi inalandira lipoti la zachuma. Basi. Chenjezo langa mulibemo. Ndiye atcheya omwe aja, opanda manyazi, anandiloza chala kuti bodi sinauzidwe zoona. Anthu amene amabwera kanayi pachaka, mapepala osawerenga, kudzangosainira alawansi! Atcheya ndi a CEO anali pachinzake chakalekale, ndiye amene akanafunsa mnzake funso lovuta ndani? Lipoti la Cadbury la ku Britain, lonena za kayendetsedwe ka makampani, linanena kale mu 1992 kuti mphamvu zisaunjikane pa munthu mmodzi, pakhale madayirekitala oima paokha. Kwathu mipando inali iwiri ndithu, koma mutu unali umodzi.

Ndipo musaganize kuti n'za makampani ang'onoang'ono okha. Carillion, kampani yaikulu ya zomangamanga ku Britain, inagawira eni masheya phindu mu June 2017, mwezi wotsatira n'kulengeza kuti makontirakiti ake ali ndi dzenje la mapaundi 845 miliyoni. Pofika January 2018 inali itagwa. Bodi inalipo, makomiti analipo, maodita analipo.

Ndiye inu chitani izi. Chilichonse chokhudza ndalama zimene zatsala muzilemba pa imelo, tsiku lizioneka, osati kungolankhula pakamwa. Maminitsi akatuluka muwerenge mzere uliwonse, ndipo ngati mawu anu palibe, lembani kwa mlembi wa bodi tsiku lomwelo kuti akonze. Ine ndinadikira miyezi, n'chimene chinandipweteka. Muziwaonetsa ndalama zenizeni zolowa ndi zotuluka sabata ndi sabata, chifukwa phindu la papepala silimalipira anthu kumapeto kwa mwezi.

Komanso musalimbane ndi abwana anu pamaso pa bodi ngati mmene ndinachitira ine. Muli ndi ana, ntchito ikusowa masiku ano. Khalani nawo pansi awiriwiri, mwina mugwirizane kanenedwe kofewa, ngakhale iwowo akafotokoze okha kuti asachite manyazi. Akakana, pitani mwakachetechete kwa wapampando wa komiti yoona za odit. Bodi muikhulupirire, si onse oipa. Wapampando wathu wa komitiyo tsiku lija anakhala chete, komabe ndi iye yekha amene anandiimbira nditachotsedwa, n'kundilembera kalata imene ndinapezera ntchito imene ndili panoyi.