Kodi tsankho lodana ndi Ayuda linali la osauka okha?

Mayi wina watilembera kuti: "Ndamva kuti olemera ndi ophunzira a ku Germany ankacheza bwino ndi Ayuda. Kodi ndiye kuti chidani chinali cha anthu wamba?"

Ayi ndithu, mayi. Udindo ndi chuma zinkangosintha kaonekedwe ka tsankholo. Tiyeni tione za ku Berlin.

Cha m'ma 1800, kunyumba kwa Rahel Levin, mayi wachiyuda, kunkasonkhana anthu apamwamba, kuphatikizapo kalonga Louis Ferdinand wa ku Prussia, ufumu umene likulu lake linali Berlin. Ankamwa naye tiyi, nkumamuyamikira nzeru. Koma funsani kuti ndi angati ankamuitananso kwawo. Apa mpamene pagona nkhani: macheza ankachitikira kwa Myudayo, makomo a alendowo ali chitsekere. Ankamuona ngati "wosiyana ndi Ayuda ena", ndipo kuyamikira kotere kumasiya mtundu wonse uli wonyozedwabe. Napoleon, mfumu ya ku France, atalanda Berlin mu 1806, machezawo anabalalika. Mu 1811 akuluakulu a boma, asilikali ndi ophunzira anayambitsa gulu lodyera pamodzi, Tischgesellschaft, lomwe linkakana Ayuda, ngakhale obatizidwa. Rahel anabatizidwa mu 1814 kuti akwatiwe ndi Karl August Varnhagen, yemwe sanali Myuda.

Chuma nachonso sichinkachotsa mpandawo. Gerson Bleichröder, Myuda mwini banki, anasunga ndalama za Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, zaka pafupifupi 30, ndipo mu 1872 anapatsidwa ulemu wa "von", mawu oikidwa pa dzina osonyeza kuti munthu ndi wa m'gulu la apamwamba. Komabe apamwamba omwewo, amene ankadya maphwando ake ndi kukongola ndalama kwa iye, ankamujeda akatembenuka. Zimenezi zimatiwawa kwambiri, chifukwa anali anthu omudziwa bwino.

Kwa eni timasitolo ndi amisiri, vuto linali kulimbirana msika. Chuma chitagwa mu 1873, ambiri anayamba kuloza chala Ayuda. M'busa wa kunyumba yachifumu, Adolf Stoecker, anayambitsa chipani mu 1878 pofuna kukopa ogwira ntchito m'mafakitale. Iwo anamukana. Atayamba kunyoza Ayuda mu 1879, amene anamutsatira anali eni timasitolo ndi amisiri aja. Antchito a ku Berlin, ngakhale kuti nthabwala zonyoza sizinkasowa pakati pawo, anasankha Myuda, Paul Singer, kukhala phungu wawo mu 1884.

Choncho mukamawerenga za ubwenzi wotere, musawerenge maulendo a tiyi. Fufuzani ngati Myudayo ankaitanidwa kunyumba kwa mnzakeyo, ngati mwana wake akanaloledwa kukwatira kapena kukwatiwa kumeneko osasintha chipembedzo, komanso ngati mnzakeyo ankamuikira kumbuyo pamene ena akunyoza Ayuda iye palibe. Makalata apamseri ndi malamulo a magulu amaulula zimenezi kuposa mabuku amene anthuwo analemba okha za moyo wawo.