Mwana ali sitandade 4 koma sawerenga: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Nchalo watilembera pa imelo. Akuti anafika fomu 4, khonde ali nalo lalikulu, ndipo akufuna azithandiza ana a m'dera lawo akaweruka kusukulu. Chawadabwitsa n'chakuti ena ali sitandade 4 koma dzina lawo lomwe limawavuta kuwerenga. Akufunsa kuti ayambire pati, ndipo atenge ana angati.

Mayi, musathamangire kuphunzitsa. Yambani mwawayesa, chifukwa kalasi imene mwana alimo siikuuzani zambiri. Chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994, makalasi a m'munsi m'malo ngati Nchalo, Ngabu ndi Bangula amadzaza moti ana amatha kupitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Wokhala kumbuyo amangotsatira mawu a anzake ngati kwaya, n'kuloweza tsamba lonse osazindikira lembo n'limodzi lomwe. Onjezanipo masabata amene sukulu zinasanduka misasa ya othawa madzi mu 2015, 2019, 2022 ndi nthawi ya Freddy mu 2023.

Tengani pepala limodzi, mulembepo malembo 10 mosakaniza, maphatikizo 10 monga ma, ku, le, mawu 10 osavuta, ndi kankhani ka ziganizo zinayi. Zonse zikhale zolemba nokha, chifukwa za m'buku la kusukulu analoweza kale. Yesani mwana mmodzimmodzi, mphindi zisanu basi. Pamene wakakamira ndiye gulu lake: a malembo, a maphatikizo, a mawu, a nkhani. Wa zaka 12 akagwera gulu la malembo, mupatseni udindo wosunga makadi kuti manyazi asamuthawitse.

Ana musapitirire 12 nthawi imodzi. Mphindi 45, masiku anayi pa sabata, n'zokwanira, bola zikhale zosadumphadumpha. Kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala mwana sangamve kanthu dzuwa lili pamutu, ndiye yambani cha m'ma 3:30, pamthunzi wa nimu, madzi akumwa ali pafupi. Tsiku la msika lisiyeni. Ambiri amakhala atatumidwa kukagulitsa nzimbe kapena zitumbuwa, ndipo mungolimbana ndi makolo pachabe.

Mphindi 10 zoyamba awerengereni nkhani n'kuwafunsa mafunso. Mphindi 20 zikhale za makadi odula pa katoni, phatikizo limodzi pa khadi. Mwana agwire ma ndi la, apange mala, atembenuze apange lama. Zotsalazo alembe zimene wapanga, kaya pansi ndi kamtengo, kaya pa katoni ndi khala.

Pamene ambiri ofuna kuthandiza amalakwitsa ndi apa. Amaphunzitsa mayina a malembo a Chingerezi, emu, ei, elo, kenako n'kumadabwa kuti mwana akulephera kuphatikiza. Emu ndi ei sizipanga ma. Phunzitsani liwu la lembo: mmm, aaa, ma. Ubwino wa Chichewa ndi wakuti chimalembedwa mmene chimamvekera, ndipo mwana akagwira a, e, i, o, u ndi malembo ena ochepa amayamba kuwerenga mawu enieni. Malembo atsopano asapitirire awiri pa sabata. Musayike b ndi d sabata imodzi. Zovuta ngati mb, nd, nkh, mph ndi ng' zidikire mpaka maphatikizo a malembo awiri atakhazikika. Kuyankha kwa chigulu kuchepe; lozani khadi, mutchule dzina la mwana mmodzi.

Ana ambiri kuno kunyumba amalankhula Chisena. Mwana akanena pinthu pamene palembedwa zinthu, sanalakwe nzeru, wamva tanthauzo. Muuzeni kuti kwathu timati pinthu, m'buku muno alemba zinthu, mumuonetse pamene zasiyana. Mukamuseka, mawa pakamwa atseka.

Musanayambe, kaonaneni ndi ahedi, mphunzitsi wa kalasi, amayi a mother group ndi amfumu, ndipo makolo avomere pamaso. Phunzitsirani poonekera, osati m'nyumba chitseko chotseka, ngakhale atsale mwana mmodzi. Ndalama kapena mphatso kwa mwana mmodzi ayi, zimabala nsanje ndi mphekesera. Mwana akajomba masiku atatu, pitani kwawo mukafunse mofatsa. Nthawi zambiri ndi malungo, ganyu kapena njala. Akakuululirani za nkhanza kapena zokakamizidwa banja, musaweruze nokha. Lamulo limaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo nambala ya foni ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi yesaninso ndi pepala lina, musunthe magulu. Amene sanasunthe konse kawiri kotsatizana, muyimitseni patali aone khadi, mumuyitane motsitsa mawu muli kumbuyo kwake. Akalephera, uzani makolo apite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu.