Kodi Mtsikana Ndi "Wachinyamata"?

Funso loyamba lachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Ntcheu, mlembi wa kalabu ya zachilengedwe pasukulu pawo. Akuti: "Tikulemba chikwangwani cha tsiku lodzala mitengo. Mnzanga walemba kuti 'Achinyamata tisamale chilengedwe'. Koma m'kalabu mwathu ambiri ndife atsikana, ndipo amene timathirira nazale ndife. Kodi mawu akuti achinyamata sachokera kwa mnyamata? Nanga ife tili pati pamenepa?"

Mwananga, khutu lako ndi lakuthwa, ulisamale. Zoona, tsinde la mawuwo ndi -nyamata, lomwe lija la mnyamata ndi unyamata. Ka chi- kali kutsogoloko ndi kofotokoza kachitidwe, monga timanenera kuti kuvala chizungu kapena kuyenda chimuna. Motero wachinyamata, tikamusenda makoko, ndi munthu amene ali monga mnyamata. Ndipo Chichewa chili nalo liwu lina loyenda nalo limodzi. Timati bambo wachinyamata, koma mkazi timati mayi wachitsikana. Agogo aakazi akamakumbutsa zakale sanena kuti "pa unyamata wanga". Amati "pa utsikana wanga ndinkasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri osapumira." Atati alakwitse n'kunena unyamata, zidzukulu zingagubuduke ndi phwete.

Kalenso mnyamata sanali mwana wamwamuna chabe. Anali wotumikira. Mfumu inkayenda ndi anyamata ake, ena a iwo a imvi mbuu, ndipo mpaka lero mwini golosale wa zaka 30 atha kunena kuti "ndatuma mnyamata wanga" pomwe wotumidwayo ndi wamkulu kwa iye. Ine ndimakhulupirira kuti tanthauzo la wotumidwali ndilo linatsogola, la msinkhu linabwera pambuyo poti otumidwa ambiri anali aang'ono. Anzanga ena amakana, amati ndaika ngolo patsogolo. Asiyeni akane, sanandigonjetsebe.

Tsono atsikana analowa liti mu "achinyamata"? Mmene ndikukumbukira, anawalowetsa ndi andale ndi wailesi. M'nthawi ya Kamuzu kunali a Youth League ovala malaya ofiira, kunali Apayoniya amene anakhazikitsidwa mu 1963, kunalinso Sabata ya Achinyamata imene tinkasiya makope n'kutenga makasu kukalambula misewu ndi kukonza milatho. Atsikana analipo m'zonsezi, ndipo wolengeza pa MBC ankafuna liwu limodzi lotikuta tonse. Anatola limene linali pafupi. Pofika mu 1993, pamene asilikali ankalanda zida Apayoniya, liwulo linali litamera kale mizu. Lero ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi aliyense wa zaka 10 mpaka 35, mkazi kapena mwamuna. Zaka 35! Kwathu munthu wa zaka zimenezo ankakhala ndi mpongozi. Koma izo ndi zina.

Usakhumudwe msanga, poti Chichewa chimabwerekanso mbali inayo. Namwali tonse timadziwa kuti ndi mtsikana wotha msinkhu. Koma kudambwe, mnyamata amene akulowa gule amatchedwanso namwali, ali ndi phungu wake, ndipo palibe amene amati wanyozedwa. Kotero liwu la amuna linakuta akazi pabwalo la ndale, la akazi linakuta amuna kudambwe. Chiyankhulo chathu sichitengeka kwambiri ndi kusiyanitsa kumeneku. "Iye" ndi iye basi. Mfumu ndi mfumu, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Wapampando ndi wapampando. Mlongo ndiye wondisangalatsa koposa: mwamuna akati mlongo wanga akunena mkazi, mkazi akati mlongo wanga akunena mwamuna. Ana a masiku ano mwalitaya liwu lokomali, mwangotsala ndi achimwene ndi achemwali amene tinabwereka kwa anzathu a Chiyao, kapenanso "sisi" ndi "bulazi" zimene sindifuna n'komwe kuzilemba kawiri.

Chigamulo changa ndi ichi. Achinyamata ndi Chichewa chabwino, ndipo iwe ulimo. Mawu akayenda pakamwa pa anthu zaka zoposa 60 ndi tanthauzo latsopano, mphunzitsi wa galamala sangawabweze. Achichepere ndi achisodzera ndi mawu osakondera, koma amamveka ngati mukunena ana okhaokha, ndipo mnyamata wa Fomu 4 womera ndevu sangavomere. Komabe pa chikwangwani chanucho, poti othirira nazale ndinu, lembani kuti "Atsikana ndi anyamata tisamale chilengedwe." Malo alipo, utoto ulipo. Yambani ndi atsikana, ndipo wofunsa chifukwa mumpatse kheni akathirire.

Funso lachiwiri ndi la mnyamata wa ku Mzuzu amene amathandiza pa pologalamu ya achinyamata pa wailesi ya m'dera. Akuti akulu ena anamudzudzula kuti "jenda" si Chichewa, anene "kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi". Akufunsa kuti wolondola ndani.

Mphwanga, onse awiri muli ndi mlandu, koma wa akuluwo ndi wokulirapo.

Ndiyambe ndi jenda. Tisanafike zaka za m'ma 1990, Jenda amene ndinkamudziwa ndi wa ku Mzimba, pamsewu wa M1, pamene basi imaima pa rodibuloko anthu n'kumagula tomato ndi anyezi pawindo. Jenda winayu anabwera ndi ndale za zipani zambiri ndi mabungwe, makamaka utatha msonkhano waukulu wa amayi wa ku Beijing mu 1995. Kubwereka sindidana nako. Sukulu, buku, sopo, tebulo, zonsezi n'zobwereka ndipo zinakhala zathu. Vuto la jenda ndi loti analowa m'mudzi wopanda womuperekeza, ndiye aliyense anamupatsa tanthauzo lake. Mwamuna akapezeka akutsuka mbale, anzake amati "yakupeza jenda." Mkazi akayankha mwamuna wake pagulu, amati "wayamba za jenda." Ndinakhalapo pamsonkhano wina wa makolo pasukulu pamene bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Ife kuno jenda tinaivomera, mu komiti taikamo amayi awiri ophika." Anawomberedwa m'manja. Kwa iye jenda inali nambala ya amayi oti alembedwe papepala kuti alendo a galimoto asakwiye. Ndipo ndikamva pa wailesi kuti "nkhanza za jenda" ndimafuna kuzimitsa. Jenda sachita nkhanza. Amene wamenya ndi munthu, ali ndi dzina ndi mudzi. Nenani kuti mwamuna wamenya mkazi wake, kapena mphunzitsi wagwiririra mwana wasukulu, anthu amve kulemera kwake.

Tsono akulu aja ndi "kusasiyana" kwawo. Mawu amenewa ndi amene amagonjetsa achinyamata pa mtsutso uliwonse kumudzi, chifukwa ndi bodza, ndipo agogo amadziwa kuti ndi bodza. Mwamuna ndi mkazi amasiyana. Wina amabereka ndi kuyamwitsa, wina ayi. Ukauza nkhalamba kuti sasiyana, ikuyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga mimba atenge ndani?" ndipo msonkhano wathera pomwepo. Chimene mukufuna kunena chili mu kachidutswa kakang'ono ka -its-. Kusiyana n'chilengedwe. Kusiyanitsa ndi ntchito ya munthu: bambo amene ndalama ya fizi ikachepa amalipirira mnyamata n'kuuza mtsikana kuti adikire, kapena bwana amene amaika pambali kalata yofunsira ntchito poona dzina lachikazi. Nenani "kusasiyanitsa", kapena bwino koposa, "mwayi wofanana kwa akazi ndi amuna". Lamulo la mu 2013 lija, Gender Equality Act, silinena kuti anthu ndi ofanana matupi. Limati polemba anthu ntchito m'boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 alionse ndipo isachepere 40. Limeneli ndi lamulo loletsa kusiyanitsa.

Poti wandiputa, ndikuonetse pamene Chichewa chenicheni chimabisa tsankho, pamene inu a pa wailesi simuyang'anapo. Pali pa mneni. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Wina ndi wochita, wina ndi wochitidwa. N'zodabwitsa kuti zili chomwechi ngakhale kwa ife a chikamwini, kumene mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, ana n'kukhala a mbumba ya kuchikazi, mwini wawo n'kukhala malume. Mkamwini wosauka uja, wolima munda wa apongozi, galamala imamupatsabe ufumu. Koma chiyankhulo chomwecho chinatisungira njira yotulukira, ka -an- ka kuthandizana ndi kukondana. Anthu awiri akuluakulu amakwatirana. Ndipo pa nkhani ya ana, musamanene kuti "mtsikana wa zaka 14 wakwatiwa" ngati kuti zangomugwera ngati mvula. Nenani kuti makolo amukwatitsa, kuti wochitayo aoneke. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo inkaimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera. Inadziwa kuti pali okwatitsa.

Jenda muzimunena, sachoka. Koma mukangomutchula, chiganizo chotsatira chikhale ndi munthu amene akuchita kanthu.

Funso lomaliza ndi lalifupi, lochokera kwa mphunzitsi wa ku Mulanje. Akufuna kudziwa ngati "chitukuko chokhazikika" ndi mawu oyenera pophunzitsa ana za zolinga 17 zimene mayiko a United Nations anagwirizana mu 2015 kuti zikwaniritsidwe pofika 2030, komanso za masomphenya a Malawi 2063.

Aphunzitsi, chitukuko chokha ndi liwu lokongola. Kutukula ndi kunyamula chinthu kuchichotsa pansi, ndipo chikanyamuka chatukuka. Kungoti kumudzi linasanduka dzina la ntchito ya ulele. Mfumu ikati "mawa kuli chitukuko," aliyense amadziwa kuti ndi kuumba njerwa ndi kututa mchenga, amayi ndi atsikana ndowa pamutu, ndipo wojomba alipira nkhuku. Njerwazo aziotcha ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, buloko ya sukulu iima, mtsinje n'kuyamba kuphwa mu Ogasiti. Anthu a kwanuko ku Mulanje safunika kuwauza zambiri za mapiri opanda mitengo, anaona okha madzi ndi miyala ya namondwe Freddy mu Marichi 2023.

"Chokhazikika" ndiye sindimukonda. Amachokera ku kukhala, kukhazika, kukhazikika. Mphika umakhazikika pa mafuwa, mtima umakhazikika, munthu woyendayenda amakhazikika akapeza banja. Ndi liwu la chinthu chimene chaleka kugwedezeka. Mwana akalimva aganiza za nyumba ya maziko olimba, pomwe inu mukufuna aganize za nkhalango imene ikudulidwa koma osatha. "Chokhalitsa" ndi wabwinoko, chifukwa amanena za nthawi. Mjigo umene bungwe linakumba, n'kujambulitsa, n'kuchoka, unakhazikika ndithu, simenti yake mpaka lero ili gwa. Koma unasiya kutulutsa madzi chaka chachiwiri poti panalibe wosonkhetsa ndalama ya zipangizo, ndipo atsikana anabwerera kudambo m'mamawa n'kumachedwa kusukulu. Mjigo umenewo sunakhalitse.

Pa mayeso ana alembe "chokhazikika", poti ndi amene ali m'mabuku ndi m'makalata a boma, ndipo sindifuna mwana alephere chifukwa cha ine. Koma pofotokoza m'kalasi, auzeni kuti ndi chitukuko chosadya mbewu. Mwana aliyense wa mlimi amadziwa kuti chimanga cha mbewu sapita nacho kuchigayo ngakhale njala ilume bwanji mu Febuluwale. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, choncho m'kalasi mwanumo ndi mmene muli eni mbewuyo. Mukawafunsa kuti atchule zitsanzo za chitukuko chodya mbewu m'mudzi mwawo, konzekerani kumva za uvuni wa njerwa za sukulu yanu yomweyo.