Monet akujambula kapena akujambulidwa?

Funso: Ndikulemba mawu a m'munsi mwa zithunzi zoonetsa Claude Monet, katswiri wojambula ndi bulashi wa ku France uja, ali pa ntchito atakalamba. Ndalemba kuti "Chithunzi cha Monet akujambula", koma anzanga akuti sizikumveka. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Galamala ili bwinobwino. Vuto ndi mneni woti kujambula, amene amasenza katundu wambiri. Wa kamera amajambula, wa bulashi amajambula, woimba nayenso amajambula nyimbo. Ndiye pa zithunzi zanuzo pali ojambula awiri: Monet, amene waima ndi bulashi patsogolo pa chinsalu chachikulu, ndevu zili mbuu, ndi mwini kamera amene sakuoneka.

Aliyense mupatseni mneni wake. Wa kamera amatola chithunzi. Lembani kuti: "Monet akujambula maluwa a padziwe lake ku Giverny, mudzi umene ankakhala. Chithunzichi chinatoledwa..." kenako chaka. Koma chonde musathawire ku "akupenta". Alipo amene amatero, koma m'makutu mwa ambiri wopenta ndi uja amakwera makwerero n'kumapaka khoma la nyumba.

Kamawu koti "cha" nakonso n'koterera. "Chithunzi cha Monet" chikhoza kukhala chimene iye anajambula kapena chimene iye akuonekapo. Popeza mkuluyu anatchuka ndi kujambula madzi, mitengo ndi kuwala kwa dzuwa, owerenga akamva "cha Monet" ayembekezera dziwe, osati nkhope. Zithunzi zikuluzikulu zimene zinaikidwa ku Orangerie, nyumba yoonetseramo zithunzi mumzinda wa Paris, mu 1927 ndi "zojambulidwa ndi Monet". Zanuzo ndi "zoonetsa Monet".

Funso: Nanga ndingamutche kuti nkhalamba?

Yankho: Zaka zikuloleza, chifukwa anabadwa mu 1840 n'kumwalira mu 1926 ali ndi zaka 86. Komabe ine sindingalembe choncho. "Nkhalamba" ukaimata pa dzina la munthu imamveka ngati wamutaya, pomwe "atakalamba" kapena "mu ukalamba wake" amangonena nthawi. Munthuyu anali ndi ng'ala m'maso, anachitidwa opaleshoni mu 1923, n'kubwereranso ku bulashi yake. "Gogo" ndi mawu okoma, koma asiyireni zidzukulu. Ngati mukufuna kulemekeza, "a Monet" akwanira, bola mukayamba ndi "a" mupitirize mpaka chithunzi chomaliza, ndipo "iye" asanduke "iwo".