Puloti yotchipa m'munsi mwa phiri: muigule kapena muisiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ku Petauke ndipo watsala pang'ono kupuma pantchito. Akuti anapeza puloti ku Chipata, m'munsi mwa limodzi la mapiri ozungulira tauniyi, pa mtengo wabwino kwambiri. Anakaiona mu Seputembala. Wogulitsa anawauza kuti "kuno madzi sabwera, amangodutsa." Funso lawo ndi ili: "Ndingadziwe bwanji ngati malowa angasefukire kapena kugumukiridwa ndi phiri? Ndalama yolemba injiniya ndilibe. Komanso anthu amene anamanga kale kumeneko akufuna kukhazikitsa komiti yoona za ngozi, kodi ayambire pati?"

Amayi, zikomo polemba. Choyamba ndi chakuti musalipire kaye. Mu Seputembala puloti iliyonse imaoneka yabwino: udzu wapsa, khwawa lauma, ana akusewera mpira pamene mu Febuluwale pamadutsa madzi ofika m'chiuno. Chipata imalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,000 pachaka, ndipo yambiri imagwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Nthawi imeneyo ndiyo yoonera malo. Ndipo mukafika, musataye nthawi yambiri mukuyang'ana pansi pamene mwaimapo. Tembenukani muyang'ane kumtunda, chifukwa chimene chidzagwetse nyumba yanu chili kumeneko, pa malo a anthu ena kapena pa phiri limene palibe amene amaliyang'anira.

Mawu akuti "amangodutsa" ndi amene andidetsa nkhawa. Amadutsa pati? Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani ya mapuloti mawuwa ndi oona monga mmene akumvekera. Munthu akhoza kukwirira khwawa ndi galimoto zingapo za dothi, n'kusalaza, n'kukhomapo zikhomo, koma mvula yamphamvu ikagwa madzi amabwerera momwemo. Choncho kwerani phirilo ndi mapazi, mutsatire kanjira kalikonse ka madzi mpaka kumene kayambira, kenako mutsike nako muone kumene kathera. Ngati kakulunjika pa puloti yanu, kapena kangozimiririka mwadzidzidzi mamita ochepa kumtunda kwake, dziwani kuti wina anakakwirira.

Pamene khwawa likutulukira m'phiri n'kufika pa malo athyathyathya, yang'anitsitsani miyala. Mtsinje wamba umasanja katundu wake: mchenga pawokha, nsangalabwi zosalala pazokha. Koma mukapeza miyala ikuluikulu yosongoka, ina yaikulu ngati drum, itasakanizika ndi dothi ndi timiyala popanda dongosolo, ndipo ili kutali ndi thanthwe limene inachokera, miyalayo sinabwere ndi madzi okha. Inabwera ndi matope othamanga, aja abale athu a ku Malawi amawatcha napolo. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse la Malawi anthu oposa 600 anamwalira ndipo mazana ena sanapezeke. Mapiri athu a ku Chipata ndi aafupi poyerekeza ndi Mulanje kapena Zomba, ndipo tili kutali ndi nyanja yamchere kumene anamondwe amachokera, choncho sindikuti zimenezi zichitika kuno mawa. Koma nyumba ya zidina sifuna phiri lonse kuti igwe. Mwala umodzi ndi matope odzaza ngolo zingapo n'zokwanira.

Tsopano kutsetsereka kwa malo. Izi mungayeze nokha ndi mdzukulu wanu. Tengani chingwe cha mamita 3, levulo ya amisiri omanga, ndi tepi. Mmodzi agwire chingwe pansi penipeni chakumtunda, wina achikoke chakumunsi mpaka chitawongoka bwino pa levulo, kenako muyeze kuchokera pa chingwe kufika pansi. Mukapeza mita imodzi, malowo apendekeka madigiri pafupifupi 18. Mukapeza mita imodzi ndi theka, ndi madigiri pafupifupi 27. Ine langizo langa ndi lakuti zikafika mita imodzi, ndalama ya injiniya musaione ngati yongotaya, ndipo zikapitirira mita ndi theka, pulotiyo isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Muyeze pa puloti pomwepo, muyezenso kumtunda kwake, pakuti puloti ikhoza kukhala yathyathyathya bwinobwino koma ili m'munsi mwa chiphedi.

Chimene chimagwetsa nyumba zambiri za m'mbali mwa phiri ndi manja athu omwe. Munthu akafuna malo osalala amadula phiri kumbuyo, n'kusiya chikhoma cha dothi choima chilili, dothi lofukulalo n'kuliunjika kutsogolo osalitsendera. Theka la nyumba limakhala pa nthaka yolimba, theka lina pa dothi lothira. Chaka choyamba zonse zili bwino. Chaka chachitatu chitseko chayamba kuvuta kutseka, mng'alu wayamba pakona ya zenera n'kutsika mopendama. Kenaka pabwera mvumbi wa masiku anayi, dothi lakhuta madzi, lalemera, ndipo chikhoma cha kumbuyo chija chagwera m'chipinda chogona. Zigumukire zambiri zimachitika chonchi, pambuyo pa mvula ya masiku angapo imene yamwetsa nthaka, kenako n'kubwera ina yamphamvu pamwamba pake. N'chifukwa chake Febuluwale ndi Malichi ndi oopsa kuposa Novembala.

Choncho pemphani kuona kuseri kwa nyumba za amene adzakhale anansi anu. Ngati pali khoma lotchinga dothi, onani ngati lili ndi timabowo totulutsira madzi. Khoma la mabuloko lopanda timabowo limasunga madzi kumbuyo kwake mpaka litatupa pamimba n'kugwa lonse nthawi imodzi. Onaninso mitengo ndi mapolo a magetsi ngati apendama, ming'alu yokhota ngati mwezi watsopano panthaka, timasitepe tachilendo pa chitunda, ndi malo amene amanyowa ngakhale kuli dzuwa. Mukaona bango, mlulu kapena mtengo wa katope pa malo amene akuti ndi ouma, nthakayo ikukuuzani zosiyana ndi zimene wogulitsa ananena. Dothi lakuda la makande, lija limang'ambika m'chilimwe, ndi la dambo, ndipo dambo ntchito yake ndi kusunga madzi.

Pali chinthu china chimene anthu akale a m'dera sangakuchenjezeni, chifukwa nawonso chikuwadzidzimutsa. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, mvula yambiri imalowa pansi pang'onopang'ono. Mitengo ikapita ku makala ndi ku mauvuni a njerwa, miyala ikaphwanyidwa n'kugulitsidwa m'mbali mwa msewu, malata akachuluka, madziwo amatsika onse pamodzi. Tiwerengere limodzi. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi. Denga la mamita 10 uku ndi 10 uku, pa mvula ya mamilimita 50, limatulutsa malita 5,000, kapena kuti ndowa 250 za malita 20. Ngati kumtunda kwanu kuli nyumba 30 zotere zopanda ngalande, ndi malita 150,000 amene akufuna njira, osawerengera ochokera m'mabwalo ndi m'misewu. Ndiye agogo akakuuzani kuti "kuyambira kale kuno sikunasefukirepo," akunena zoona, koma akunena za phiri lija linali ndi mitengo. Ngati muli ndi mwana wodziwa kompyuta, atsegule Google Earth, imene imatha kuonetsa zithunzi zakale za malo omwewo, muyerekeze phirilo mmene linalili zaka khumi zapitazo ndi mmene lilili lero.

Komabe agogowo muwafunse, ndipo muwafunse mwanzeru. Funso lakuti "kodi kuno kumasefukira?" yankho lake nthawi zonse ndi "ayi, pang'ono chabe," chifukwa palibe amene amafuna kunyoza kwawo, ndipo mwina wogulitsayo ndi mphwawo. Funsani kuti, "Chaka chija madzi anavuta kwambiri, anafika pati? Tandilozereni." Adzakutengani pa mtengo wa mango kapena pa khoma la chimbudzi n'kuika dzanja. Funsaninso amayi otunga madzi kuti chitsime chimadzaza mpaka pati mu Febuluwale, ndi anyamata okumba zimbudzi kuti amapeza madzi atakumba mamita angati. Anyamata amenewa amadziwa za pansi pa komboni kuposa aliyense. Kumene zimbudzi zimadzaza madzi n'kusefukira, vuto silikhala la khoma lokha, limafika pa kolera.

Za komiti, ine ndingati asayambe ndi kusankha wapampando ndi msungichuma. Ayambe ndi kuyenda. Tsiku lotsatira mvula yamphamvu, anthu khumi kapena khumi ndi asanu, amayi, achinyamata, a nyakwawa kapena wapampando wa chigawo, ayende kuyambira pamwamba pa phiri mpaka ku mtsinje, atanyamula foni yojambulira ndi kachitini ka penti. Pamene zinyalala zakodwa pa nthambi kapena pamene matope asiya mzere pakhoma, apake penti n'kulembapo tsiku. Pa mng'alu waukulu akhome zikhomo ziwiri, china uku china uku, ayeze mpata wake, azibwereza sabata iliyonse. Mpata ukamakula, phirilo likuyenda, ndipo a m'munsi mwake asagonemo usiku wa mvula. Akabwerako ajambule mapu pa pepala lalikulu: makwawa, makalavati otsekeka, nyumba zoyandikana ndi chikhoma, milatho imene ana amawoloka popita kusukulu. Pa mapu omwewo alembe nyumba zimene muli okalamba, olumala, odwala ndi amayi oyembekezera, ndi dzina la munthu amene adzawatulutse. Mapu opanda zimenezi amangokongoletsa khoma.

Agwirizanenso za chizindikiro chimodzi, kaya belu la tchalitchi kaya wezulo, ndi malo okasonkhana, amene njira yake siwoloka khwawa. Aliyense adziwe kuti mtsinje ukasanduka matope mwadzidzidzi, ukabwera ndi mitengo, kapena ukachepa madzi pamene mvula ikugwabe, ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kukhoza kuphulika. Mkokomo ukamveka kuphiri, thawirani cham'mbali, osati kutsetsereka kutsogolo kwa matope. Ndipo madzi othamanga ongopitirira m'kakolo, masentimita 15 okha, amagwetsa munthu wamkulu. A masentimita 60 amakokolola galimoto.

Kwa owerenga a ku chigwa, ku Mambwe, Msoro, Lumezi ndi Chama, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Madzi a Luangwa ndi Lupande amatha kukufikani kumwamba kuli mbee, chifukwa mvula yake yagwa kutali kumtunda. Amene anali ku Mfuwe mu Febuluwale 2007 akukumbukira mmene Luangwa anadzazira mpaka malo ogona alendo a m'mbali mwake anasamutsa anthu. Ubwino wake ndi wakuti madzi otere amapereka maola, nthawi zina masiku. Chida chanu chachikulu ndi nambala ya foni ya munthu wokhala kumtunda kwa mtsinje, ndi mtengo wolembedwa mizere yoonera kukwera kwa madzi pa doko.

Mapu akatha asakhale m'thumba la mlembi. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DMMU, imene ili mu ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, ili ndi makomiti m'maboma ndi ena aang'ono m'madera, ndipo khomo lake ndi ofesi ya DC, choncho kope limodzi lipite kumeneko. Kope lina lipite kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, Ward Development Committee, chifukwa kumeneko ndi kumene zopempha za ndalama za chitukuko za CDF zimayambira. Pempho lokhala ndi zithunzi, masiku ndi miyezo ya madzi limamveka mosiyana ndi lija longoti "tikufuna ngalande." Zolosera za a zanyengo, zimene mumamva pa Breeze FM kapena Radio Maria, muzizitsatira, koma zimanena za chigawo kapena boma lonse. Za khwawa la kuseri kwa nyumba yanu mudzazidziwa ndi penti uja ndi zikhomo zija. Pakadali pano pali zimene anthu angachite okha: kuchotsa zinyalala m'makalavati mu Okutobala, kubzala udzu wa vetiva m'mizere yopingasa chitunda, ndi kugwirizana kuti madzi a padenga asamangotayidwira kwa mnansi wa kumunsi.

Kubwerera kwa inu, Amayi. Pitani ku khonsolo ya mzinda wa Chipata mukafunse ngati malowo anayezedwa kuti pamangidwe nyumba, kapena ngati ndi malo a mfumu, mukaonane ndi a nyakwawa pamaso pa mboni. Wogulitsayo mumuuze kuti mudzabwera mu Febuluwale, tsiku la mvula, ndipo ndalama idzatuluka mukatha kuona. Akayamba zoti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni winayo agule. Mukapitako, nditumizireni zithunzi zitatu: chimodzi mutayang'ana kuphiri, china cha miyala ya pakamwa pa khwawa, ndi china cha kuseri kwa nyumba yoyandikana nayo chakumtunda.